Americium: Mafunso ndi Mayankho pa Chitsulo Chopangidwa ndi Anthu

M'nyumba zambiri za ku America ndi ku Ulaya, komanso m'mahotela ndi m'maofesi ena amakono, kudenga kumakhala kachipangizo koyera kooneka ngati kambale kovundikira, kamene kamalira mokweza kakangomva utsi. M'kati mwa mitundu ina ya kachipangizoka muli kachidutswa kochepetsetsa ka chitsulo chimene sichinkadziwika padziko chaka cha 1944 chisanafike. Chitsulocho ndi americium, ndipo mafunso ali m'munsiwa akufotokoza kumene chinachokera, mmene chilili ndiponso malire a kuopsa kwake.

Kodi americium n'chiyani kwenikweni?

Zinthu zonse zimene timaziona zinapangidwa kuchokera ku maelementi, ndiye kuti zinthu zoyambirira zimene sizingagawidwe n'kukhala zina mwa njira wamba za kusakaniza, kuphika kapena kusungunula, monga golide, mkuwa ndi okosijeni. Elementi iliyonse imadziwika ndi chiwerengero cha mapulotoni amene ali m'phata la atomu yake. Atomu ndi kachidutswa kochepetsetsa ka elementi, ndipo phata lake limapangidwa ndi tinthu ta mitundu iwiri, mapulotoni ndi manyutuloni, pomwe tinthu tina totchedwa maelekitironi timazungulira kunja kwa phatalo. Golide ali ndi mapulotoni 79, yureniyamu ali ndi 92, pomwe americium ali ndi 95, ndipo pa tebulo la maelementi amalembedwa mwachidule kuti Am. Ali m'gulu la zitsulo zolemera zotchedwa actinide, ndipo maatomu ake onse ndi osakhazikika, kutanthauza kuti amasweka okha pang'onopang'ono uku akutulutsa cheza, ndiye kuti mphamvu yosaoneka ndi maso yochokera m'phata la atomu.

N'chifukwa chiyani amanenedwa kuti ndi wopangidwa ndi anthu? Kodi sangakumbidwe pansi?

Palibe mgodi wa americium kulikonse padziko lapansi, ndipo chifukwa chake ndi nthawi. Dziko lakhalapo zaka pafupifupi 4.5 biliyoni, pomwe mtundu wa americium wokhalitsa kuposa yonse, umene ndi americium-243 (nambalayi ndi chiwerengero cha mapulotoni ndi manyutuloni a m'phata pamodzi), umatha ndi theka pa zaka pafupifupi 7,400 zokha. Ngati analipo pachiyambi, ndiye kuti anatha kalekale osasiya ngakhale kambewu. Yureniyamu akupezekabe m'miyala chifukwa mtundu wake wochuluka, yureniyamu-238, umatenga zaka pafupifupi 4.5 biliyoni kuti uthe ndi theka.

N'chifukwa chake miyala ya ku Kayelekera ku Karonga, kumene ntchito yokumba yureniyamu inayamba mu 2009, si gwero la americium. Kuti americium apezeke, yureniyamuyo ayenera kukalowa kaye m'ng'anjo ya nyukiliya, kumene maatomu ena amameza manyutuloni n'kusanduka plutonium-239. Plutonium ameneyu akameza nyutuloni ina amakhala plutonium-240, akamezanso ina amakhala plutonium-241, ndipo uyu ndiye amasanduka yekha americium-241 pamene nyutuloni imodzi ya m'phata lake isintha n'kukhala pulotoni. Theka la plutonium-241 limasanduka motero pa zaka 14 zilizonse. Mu tani imodzi ya mafuta a nyukiliya ogwiritsidwa kale ntchito mumapezeka americium wokwana magalamu pafupifupi 100.

Anamutulukira ndani, ndipo zinayenda bwanji?

Anamutulukira ndi akatswiri anayi a ku America, Glenn Seaborg, Ralph James, Leon Morgan ndi Albert Ghiorso, chakumapeto kwa 1944 ndi kumayambiriro kwa 1945. Ankagwira ntchito ku Metallurgical Laboratory pa yunivesite ya Chicago, malo amene dzina lake linasankhidwa dala kuti libise zimene zinkachitika kumeneko, pakuti anali mbali ya Manhattan Project, ntchito yachinsinsi yopanga bomba la nyukiliya pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. Maelementi awiri oposa yureniyamu anali atapezeka kale ku Berkeley m'chigawo cha California: neptunium, wa nambala 93, mu 1940, ndi plutonium, wa nambala 94, chakumapeto kwa 1940 ndi kumayambiriro kwa 1941.

Munthu angaganize kuti pambuyo pa 94 panabwera 95, koma sizinatero. Curium, wa nambala 96, ndiye anayamba kupezeka m'katikati mwa 1944, ndipo americium anakhala wachinayi pa maelementi oposa yureniyamu. Chimene chinachedwetsa onse awiri chinali kulakwitsa kwa maganizo, osati kusowa kwa zipangizo. Akatswiriwo ankayembekezera kuti maelementi atsopanowo azichita ngati plutonium akawathira mankhwala, choncho ankawafunafuna m'gawo la madzi limene plutonium amatsalira, ndipo ankabwerako chimanjamanja. Anali ngati munthu wofunafuna mbuzi yake m'khola la mnzake pomwe mbuziyo ili kudambo.

Mu 1944 Seaborg anaganiza kuti tebulo la maelementi, mmene linkalembedwera panthawiyo, linali lolakwika chakumunsi kwake. Iye anati maelementi olemerawa ayenera kukhala ndi mzere wawokha pansi pa mzere wa maelementi otchedwa lanthanide, ndipo ngati zili choncho, 95 ndi 96 azichita ngati europium ndi gadolinium amene ali pamwamba pawo. Iye mwini ankakonda kusimba pambuyo pake kuti anzake anamuchenjeza kuti maganizo amenewa amuwonongera mbiri, koma sanawamvere poti panthawiyo analibe mbiri yoti n'kuwonongeka. Atasintha njira zawo motsatira ganizoli, maelementi awiriwo anapezeka. Tebulo limene ophunzira amaliona lero m'mabuku a sayansi, lokhala ndi mizere iwiri yopatuka pansi pake, ndi chipatso cha ganizo limenelo, ndipo m'kuona kwanga kusintha kwa tebuloku n'kofunika kwambiri kuposa kupezeka kwa americium weniweniyo.

Vuto silinathere pamenepo, chifukwa americium ndi curium amafanana kwambiri m'zochita zawo moti kuwalekanitsa kunatenga miyezi yambiri ya ntchito yotopetsa. Pokhumudwa, a m'gululo anawapatsa mayina achipongwe akuti pandemonium ndi delirium, mawu otanthauza chipwirikiti ndi kubwebweta. Burris Cunningham ndiye anakwanitsa kupatula kachidutswa koyamba kooneka ka mankhwala a americium mu 1945, ndipo chitsulo chenichenicho chinayengedwa koyamba mu 1951.

Kodi n'zoona kuti dziko linamva za iye kudzera pa pulogalamu ya ana?

N'zoona. Pa 11 Novembala 1945 Seaborg anali mlendo pa pulogalamu ya pa wailesi yotchedwa Quiz Kids, pamene mwana wina anamufunsa ngati panali maelementi ena atsopano amene anapezeka panthawi ya nkhondo kupatula neptunium ndi plutonium. Chinsinsi cha nkhaniyo chinali chitangochotsedwa kumene pokonzekera msonkhano wa bungwe la American Chemical Society umene unali kudzachitika patatha masiku asanu, choncho Seaborg anayankha kuti inde, maelementi a nambala 95 ndi 96 apezeka. Ana omvera wailesi anadziwa nkhaniyi akatswiri ambiri a sayansi asanaimve.

Dzina lakuti americium linachokera kuti?

Linachokera pa malo ake pa tebulo. Pamwamba pake penipeni pali europium, wa nambala 63, amene anatchedwa potengera Ulaya, motero elementi ya pansi pake inatchedwa potengera America. Chimodzimodzinso curium, amene anapatsidwa dzina la Marie ndi Pierre Curie chifukwa gadolinium wa pamwamba pake anatchedwa polemekeza katswiri wa ku Finland, Johan Gadolin.

Kodi amaoneka bwanji, ndipo makhalidwe ake ndi otani?

Akangoyengedwa kumene amakhala woyera monyezimira ngati siliva, ndipo akakhala pamphepo youma amathimbirira pang'onopang'ono. Ndi wofewa ndithu, wotheka kusulidwa, koma ndi wolemera kuposa mtovu. Amasungunuka pa madigiri 1,176 a Celsius, kutentha koposa pang'ono kumene kumasungunula mkuwa ndi golide. Amasungunukanso mosavuta m'maasidi, ndipo nthawi zambiri atomu yake imataya maelekitironi atatu, zimene zimapatsa madziwo mtundu wofiirira motuwa ngati pinki. Akaphatikana ndi okosijeni amapanga ufa wakuda wotchedwa americium dioxide, ndipo m'zipangizo zambiri amagwiritsidwa ntchito ali mu mkhalidwe umenewu.

Chinthu china chachilendo n'chakuti chitsulochi chimadziwononga chokha m'kati. Tizidutswa timene timathamanga kuchoka m'maatomu osweka timagunda maatomu oyandikana nawo n'kuwasuntha pamalo pawo, moti chidutswa chimene chakhala nthawi chimasintha pang'ono makhalidwe ake. Kusweka komweku kumatulutsanso kutentha, ndipo galamu imodzi ya americium-241 imapereka kutentha kopitirira pang'ono gawo limodzi mwa magawo khumi a watt, usana ndi usiku, popanda woyatsa kapena wozimitsa.

Kodi cheza chake n'chamtundu wanji, ndipo chimatha liti?

Americium-241, amene ndiye wodziwika kwambiri, amatulutsa makamaka cheza cha alpha, chimene ndi timagulu ta mapulotoni awiri ndi manyutuloni awiri tothothoka m'phata la atomu. Timaguluti tili ndi mphamvu yaikulu koma sitipita patali, pakuti mumpweya timayenda masentimita ochepa chabe, ndipo pepala limodzi kapena khungu lakunja la munthu limatiimitsa. Pamodzi ndi alpha pamatulukanso cheza cha gamma chofooka, chimene chimadutsa zinthu zopyapyala koma chimatchingidwa ndi mtovu wochepa.

Theka la americium-241 limasweka pa zaka 432. Munthu atasunga magalamu 8 lero, pakatha zaka 432 padzatsala magalamu 4, pakathanso zina 432 padzatsala 2, ndipo zidzapitirira choncho. Wosweka uja sasowa ayi, koma amasanduka neptunium-237, amenenso amatulutsa cheza ngakhale mofooka kwambiri, chifukwa iye amatenga zaka zoposa 2 miliyoni kuti athe ndi theka.

Nanga amathandiza bwanji kuzindikira utsi?

Munthu akatsegula chivundikiro cha pulasitiki cha alamu yamtunduwu, amaona batire, kabelu kopyapyala kolira, ndi kachitini kachitsulo kokhala ndi timipata m'mbali, kamene nthawi zambiri kamakhala ndi chizindikiro cha cheza cha mapiko atatu. M'kati mwa kachitiniko muli timbale tiwiri tachitsulo toyang'anizana tolumikizidwa ku batire, ndipo pa kamodzi pali kabatani kakang'ono konga njere ya mphodza. Mu kabatanimo ndimo muli americium dioxide, wosakanizidwa ndi golide n'kupsinjidwa pakati pa timapepala tachitsulo kuti asayoyoke. Kuchuluka kwake ndi pafupifupi mamaikulogalamu 0.3, pomwe maikulogalamu imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1 miliyoni a galamu. Galamu imodzi yokha ingakwanire maalamu oposa 3 miliyoni.

Mpweya wamba sudutsitsa magetsi, koma tizidutswa ta alpha tikamadutsa pakati pa timbale tija timagunda maatomu a mpweya n'kuwachotsa maelekitironi, ndipo mpweyawo umayamba kudutsitsa magetsi ochepa kwambiri osalekeza. Kachipangizoko kamangoyang'anira magetsi amenewa. Utsi ukalowa pa timipata tija, tinthu take timamatirira ku maatomu onyamula magetsiwo n'kuwalemetsa, magetsi amatsika, ndipo belu limalira pomwepo. Choncho americium sanunkhiza utsi monga ena amaganizira. Ntchito yake ndi kusunga kanjira ka magetsi kali kotsegula, ndipo alamu imalira kanjirako kakatsekeka.

Maalamu amenewa amachangamuka msanga pa moto wa malawi, monga wa mapepala kapena mafuta ophikira, koma amachedwa pa moto wonyeka mwakachetechete, monga ndudu ikagwera pa matiresi. Pa moto wotero amachita bwino ndi maalamu ogwiritsa ntchito kuwala, amene alibe americium n'komwe. Ichi, pamodzi ndi vuto la kataidwe kake, n'chimene chachititsa mayiko ena monga France kusiya maalamu a americium. Amavutitsanso akaikidwa pafupi ndi khitchini, chifukwa amalira ngakhale buledi akangopserera pang'ono, ndipo eni nyumba ambiri akatopa amachotsa batire, kumene kuli kulakwitsa koopsa kuposa cheza chimene amachiopacho.

Kodi ndi woopsa kwa munthu?

Yankho likudalira kumene iye ali. Ali m'kachitini kake kudenga, cheza chimene chimafika kwa munthu wa m'nyumbamo n'chochepa kwambiri poyerekeza ndi chimene aliyense amalandira tsiku ndi tsiku kuchokera m'nthaka, m'miyala ndi kumwamba. Akalowa m'thupi nkhani imasintha, chifukwa m'katimo mulibe khungu lotchinga, ndipo mphamvu yonse ya alpha imathera m'maselo ochepa oyandikana nayo. Njira yoopsa kwambiri ndi kupuma fumbi lake kapena kulowa kudzera pabala. Akamezedwa, wochuluka amangodutsa m'matumbo n'kutuluka. Amene walowa m'magazi amakakhazikika m'chiwindi ndi m'mafupa, kumene amakhala zaka zambiri ndipo angayambitse khansa.

Zambiri zimene madokotala amadziwa pa nkhaniyi zinachokera pa ngozi ya pa 30 Ogasiti 1976 ku Hanford, malo a nyukiliya a boma la America m'chigawo cha Washington. Harold McCluskey, wa zaka 64, ankagwira ntchito yopatula americium pa bokosi lagalasi lokhala ndi magolovesi, pamene mankhwala a m'katimo anaphulika n'kumumwaza kumaso asidi, magalasi ndi tizitsulo todzaza americium. Analandira americium wochuluka kuwirikiza pafupifupi ka 500 mlingo wololedwa kwa wogwira ntchito. Anakhala miyezi isanu m'chipinda chapadera, akumuchapa ndi kumuchotsa tizidutswa pakhungu, ndipo anabayidwa jakisoni mazanamazana wa mankhwala otchedwa DTPA, amene amagwira chitsulocho m'magazi kuti chituluke ndi mkodzo. Mbali yaikulu inatuluka. Atabwerera kwawo anthu ena ankaopa kumuyandikira, ngakhale kuti sakanawavulaza, ndipo manyuzipepala anamupatsa dzina lakuti Atomic Man. Anamwalira mu 1987 ndi matenda a mtima amene anali nawo ngoziyo isanachitike.

Kodi ali ndi ntchito zina kupatula maalamu?

Zilipo, ndipo zina zimagwiritsa ntchito americium wochuluka kwambiri kuposa wa mu alamu. Akasakanizidwa ndi chitsulo chopepuka chotchedwa beryllium, tizidutswa ta alpha timathothola manyutuloni mu beryllium, ndipo manyutuloniwo amachepa liwiro akakumana ndi madzi. Pa mfundo imeneyi panapangidwa makina amene akatswiri omanga misewu amaika pa dothi lotsenderedwa kuti adziwe chinyezi chake asanathire phula, komanso zipangizo zimene makampani ofufuza mafuta amatsitsira m'zitsime zakuya pofuna kudziwa zimene zili m'miyala. Cheza chake cha gamma chimagwiritsidwa ntchito m'mafakitale poyeza kukhuthala kwa magalasi ndi malata, ndiponso poona ngati zitini za zakumwa zadzaza bwino. Zipangizo zoterezi zimafuna chilolezo, ndipo m'Malawi bungwe loona zimenezi ndi Atomic Energy Regulatory Authority, limene linakhazikitsidwa potsatira lamulo la 2011. Choopsa chachikulu pa zipangizozi ndi kutayika kapena kubedwa n'kukathera kwa ogula zitsulo zakale, amene angazitsegule ndi nyundo posadziwa zimene zili m'kati.

Mu sayansi, americium wakhala ngati mwala wopondera popanga maelementi olemera kuposa iye. Mu Disembala 1949 akatswiri a ku Berkeley anawomba americium-241 ndi tizidutswa ta alpha n'kupeza berkelium, wa nambala 97. Mu 2003 akatswiri a ku Dubna ku Russia, mogwirizana ndi anzawo a ku Livermore ku America, anawomba americium-243 ndi calcium-48 n'kupanga maatomu ochepa a elementi ya nambala 115, imene pano imatchedwa moscovium.

Kodi n'zoona kuti munthu anakhalapo mwini wa elementi imeneyi mwalamulo?

Mu 1964 ofesi ya boma la America yoona za umwini wa zotulukira inapereka chikalata m'dzina la Seaborg, ndipo mfundo yake yoyamba inali ya mawu awiri okha otchula elementi ya nambala 95. Izi zinatheka chifukwa americium sanatoledwe m'chilengedwe koma anachita kupangidwa. Phindu lake silinapite m'thumba mwa Seaborg, popeza ntchitoyo inali ya boma. Ulemu wake unabwera mwa njira zina: mphoto ya Nobel mu 1951, imene anagawana ndi Edwin McMillan, ndiponso elementi ya nambala 106 imene inatchedwa seaborgium iye akadali moyo.

N'chifukwa chiyani amatchulidwa kawirikawiri pa nkhani ya zinyalala za nyukiliya?

Zinthu zambiri zotulutsa cheza zimachepa zaka zikamapita, koma americium-241 amayamba wachuluka kaye. Plutonium-241 amene ali m'zinyalalazo amapitiriza kusanduka americium, motero m'madera ozungulira Chernobyl ku Ukraine, kumene ng'anjo inaphulika mu 1986, americium wa m'nthaka ndi wochuluka lero kuposa mmene analili chaka cha ngoziyo, ndipo akuyembekezeka kuwonjezekabe kwa zaka zina asanayambe kutsika. Pakatha zaka mazana angapo, pamene caesium-137 ndi strontium-90, zinthu zina zotulutsa cheza za m'zinyalalazo, adzakhala atatha mphamvu, americium ndiye adzakhale pakati pa zinthu zotulutsa kutentha kwambiri m'zinyalala zokwiriridwa, ndipo kutentha kumeneku n'kumene kumalamula kutalikirana kwa migolo yake pansi pa nthaka. Akatswiri akufufuza njira zomupatula n'kumubwezera m'ng'anjo zapadera kuti asweke kukhala zinthu zosakhalitsa, koma kumulekanitsa ndi maelementi ofanana naye kukadali kovuta monga kunalili mu 1945.

Kodi angagwiritsidwe ntchito m'zombo za mumlengalenga?

Zombo zopita kutali ndi dzuwa, monga Voyager, zimapeza magetsi kuchokera ku kutentha kwa plutonium-238, amene ndi wosowa komanso wokwera mtengo kupanga. Americium-241 amapereka kutentha kochepa, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a plutonium-238 pa galamu iliyonse, choncho batire yake imakhala yolemera. Ubwino wake uli pawiri: amakhalitsa, popeza plutonium-238 amatha ndi theka pa zaka 88 zokha, ndipo alipo kale wambiri m'nkhokwe za plutonium wakale ku Sellafield ku Britain, kumene wakhala akudzipanga yekha kwa zaka makumi ambiri. Mu 2019 akatswiri a National Nuclear Laboratory ndi a yunivesite ya Leicester anayatsa kababu kakang'ono ndi magetsi ochokera ku americium wotengedwa m'nkhokwezo. Bungwe la European Space Agency likukonza zoti chombo chotsitsira galimoto yake yofufuza pa Mars, yotchedwa Rosalind Franklin, chidzanyamule kachipangizo kotenthetsera ka americium koteteza zida zake ku chisanu cha kumeneko.

Kodi alamu yakale ya utsi iyenera kutayidwa bwanji?

Choyamba ndi kuona kumbuyo kwake, pamene opanga amalemba ngati muli americium-241 ndiponso tsiku limene inapangidwa. Opanga ambiri amalangiza kusintha alamu pakatha zaka 10, osati chifukwa americium watha, pakuti pa zaka zimenezo amakhala atachepa ndi magawo osakwana awiri pa 100 alionse, koma chifukwa fumbi, chinyezi ndi dzimbiri zimafooketsa mbali zake zamagetsi. Batire ichotsedwe, koma kachitini kachitsulo kaja kasatsegulidwe, kasaphwanyidwe, kasapalidwe, ndipo koposa zonse kasaponyedwe pamoto wa zinyalala, chifukwa moto ndi umene ungasandutse kabatani kotetezeka kaja kukhala fumbi lopumika. Malamulo a kataidwe amasiyana dziko ndi dziko: kwina amalola kutaya alamu imodzi pamodzi ndi zinyalala za m'nyumba, kwina amafuna kuti ibwezedwe kwa wogulitsa kapena kumalo olandirira zipangizo zamagetsi zakutha. Amene ali ndi maalamu ambiri nthawi imodzi, monga pokonzanso hotela kapena pogwetsa nyumba ya maofesi, awasunge pamalo ouma otsekedwa ndipo afunse kaye bungwe loona za cheza m'dziko lawo asanawasunthe.